Uthenga Umene Sindinalembe Ine

Ndiyambe ndi kuvomera zimene ndinachitadi, kuti ndikafika pokana chinacho mundimvere. Chitedze cha pampando wa ahedi ndinathira ndine. Chule amene anatuluka m'chikwama cha aphunzitsi a Chingerezi ali mkati mophunzitsa ndinamugwira ndekha kudimba kwathu, ndipo ndinachita kusankha wonenepa. Kabelu ka sukulu kaja kanasowa masiku atatu n'kupezeka kali m'khosi mwa mbuzi ya alonda, musavutike kufunsa wina. Chifukwa cha zimenezi ndinakumba maenje a zinyalala okwanira mudzi wonse, koma kupepesa ndiye ayi. Mpaka lero ndikakumbukira mmene ahedi ankayendera tsiku la chitedzelo, ndimaseka ndekha mumsewu anthu n'kumandicheukira.

Kwathu ndi ku Biriwiri, kumapiri kumene msewu waukulu umayenda mokhudzana ndi malire a Mozambiki. Timalima kachewere, kabichi ndi tomato, n'kumagulitsa m'mphepete mwa msewu kwa anthu odutsa pa galimoto. Pakhomo tinalipo atatu: amayi, achemwali anga ndi ine. Chaka chimene ndikunenachi ndinali Fomu 3, ndipo za achule ndinali nditasiya. Ndinali nditapeza chida choposa chule: kafoni kong'aluka galasi kamene malume anandisiyira.

Muyenera kudziwa mmene foni imayendera kwathu, apo ayi nkhaniyi simuimvetsa. Mabandulo alipo amitundu iwiri. Ilipo yotsika mtengo, ya macheza, imene imangolola mauthenga, zithunzi ndi timavidiyo ta m'magulupu. Inayo ndi yotsegula intaneti yonse, koma ndi yodula, ndipo imasungunuka ngati mchere wogwera m'madzi. Kwathu aliyense amagula ya machezayo. Ndiye chilichonse chimatipeza kudzera m'gulupu: uthenga wa maliro, mtengo wa feteleza, ndandanda wa kwaya, ngakhale manotsi a kusukulu. Aphunzitsi athu a Bayoloje, bambo wachinyamata amene ankachokera pa boma tsiku ndi tsiku pa minibasi, ankatsitsa manotsi kumeneko n'kutiponyera m'gulupu la kalasi ngati zithunzi. Pansi pa chithunzi pamakhala timawu tabuluu, linki, yosonyeza kumene manotsiwo achokera. Ukaidina, kabwalo kamangozungulira, kuzungulira, mpaka utatopa. Sindinaonepo mnzanga amene linki inamutsegukira. Tinkangoiona ngati chokongoletsa, ngati chidindo pa kalata.

Apa m'pamene nzeru zinandibwerera. Ngati linki yoona siitseguka, ndipo yabodza siitsegukanso, ndani angazisiyanitse?

Ndinayamba ndi zing'onozing'ono. Ndinalemba uthenga, pamwamba n'kuikapo chithunzi cha aphunzitsi a Zaulimi, wakuti mawa aliyense abwere ndi jumbo ya ndowe yaiwisi ya pulakitiko. Anabwera nazo anthu makumi atatu ndi mphambu, atsikana atanyamula motalikitsa ndi yunifomu. Kenaka ndinafalitsa kuti ankolo a pa shopu, Msilamu wodekha amene amagulitsa mayunitsi n'kumatchajanso mafoni athu poti kwathu kulibe magetsi, apereka shuga waulere kwa amayi khumi oyambirira kufika atavala chitenje chofiira. M'mawa mwake khonde la shopu linafiira ngati munda wa tomato. Ankolo atadziwa mwini ntchitoyo sanakalipe. Anangondilozera pamene simenti ya khonde lawo imathera n'kunena kuti, "Phazi lako lizilekeza apo."

Koma ntchito imene ndimainyadira kwambiri ndi ya mphemvu. Ndinatenga manotsi enieni a Bayoloje, n'kulowetsamo mzere umodzi wokha: mphemvu ili ndi mitima isanu ndi iwiri, ndipo umodzi uli pabondo. Pansi ndinaikapo linki yaitali, yooneka yaulemu. Pa mayeso a pakati pa temu, theka la kalasi linalemba za mtima wa pabondo. Wina mpaka anajambula.

Aphunzitsi a Bayoloje analowa ndi mapepalawo, n'kukhala pa desiki. Ndinkayembekeza dzenje lina. M'malo mwake anafunsa kuti, "Ndani mwa inu anadina linki ija kuti aone ngati zili zoona?" Manja anakwera angapo. "Inatseguka?" Kalasi yonse inaseka. Iwo sanaseke.

"Taonani msewu uwo," anatero akuloza pawindo. "Thiraki imadutsa, ngolo imadutsa, ambulansi imadutsa. Msewu sufunsa kuti wanyamula chiyani. Koma msewu wa m'foni mwanumu wina anaima pakati. Wonyamula miseche ndi nthabwala amadutsa motchipa. Wopita ku laibulale amuuza kuti alipire zambiri. Ndiye inu simuwerenga zimene mukufuna, mumawerenga zimene wina wakuponyerani. Lero wakuponyerani ndi chitsiru ichi," anandiloza ine, "mawa adzakhala wina woipa kuposa ichi."

Ine ndinangomva mawu akuti chitsiru, ndipo ndinaimirira n'kuwerama ngati wolandira mphoto. Zinazo zinandipita pambali.

Tsopano ndinene za achemwali. Anakhoza bwino Fomu 4 zaka ziwiri m'mbuyomo, koma kowapititsa kunalibe, ndiye ankakhala pa benchi yathu ya kumsewu. Pansi pa benchiyo, kuseri kwa ndowa za kachewere, pankakhala katoni ya mabuku. Galimoto ikaima ankathamanga ndi tomato, ikapita ankabwerera pa tsamba limene anasiyira, chala chadothi chikuyenda pansi pa mizere. Ankafuna uphunzitsi. Ankandiphunzitsa ine masamu mondikoka khutu, ndipo ndi iwo okha padziko lino amene ankandigwira bodza ndisanamalize kulinena. "Mphuno yako ikugwedera," ankatero. "Yambiranso."

Chaka chimenecho koleji ina inalengeza maphunziro a uphunzitsi ophunzira uli kwanu. Osankhidwa akanapatsidwa tabuleti, maphunziro n'kumabwera pa intaneti, osalipira. Kwa munthu ngati achemwali, amene sakanatha kuwasiya amayi okha ndi munda, zinali ngati anachita kuwayeza thupi asanasoke. Aphunzitsi a Bayoloje anawadzazira fomu pa boma. Kuyambira tsiku limenelo foni yawo ikalira, ngakhale ali pakati powerengera kasitomala tomato, ankasiya n'kuyang'ana.

Munthu ngati ine kuona zimenezo n'kungokhala chete? Ndinabwereka nambala ya mnzanga, n'kuikapo chithunzi cha aphunzitsi a Bayoloje, n'kulemba kuti asankhidwa, ndipo mawa akaonekere pa boma atanyamula ndowa, tsache ndi sitifiketi. Linki pansi, monga mwa nthawi zonse. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo sanandiyang'ane mphuno. Amayi analuluta mpaka anansi anabwera. Tambala wathu anaphedwa. Achemwali anaimbira aphunzitsi kuti awathokoze, ndipo m'pamene anamva kuti palibe uthenga umene anatumiza. Anandithamangitsa ndi tsache lomwe lija mpaka kumjigo. Tambalayo tinadyabe, poti anali atapsa kale, ndipo ndisanama, anali wokoma.

Patapita milungu iwiri, Lachiwiri, ndikuchokera kusukulu, ndinawapeza pa benchi atagwira foni, nkhope ili gwa.

"Iwe, tabwera kuno."

"Ndalakwanso chiyani, achemwali? Lero ndakhala ngati mngelo."

"Mngelo wa kuti? Taona. Tsopano wafika mpaka poika chidindo?"

Ndinayang'ana. Unali uthenga wochokera ku nambala yachilendo. Pamwamba panali chizindikiro cha koleji, dzina lawo lonse lolembedwa bwinobwino, Chingerezi chosapunduka pena paliponse. Unkati adutsa gawo loyamba, ndipo alembe mayeso olowera, a ola limodzi, pa linki ili pansiyo isanakwane 12 koloko masana Lachisanu.

"Ndadina katatu," anatero. "Ikungozungulira ngati zako zija."

Ndikuuzeni chimene chinali m'mutu mwanga, poti ndinalonjeza kunena zoona. Sindinaganize n'komwe kuti ungakhale weniweni. Ndinaganiza za mnyamata wina wa Fomu 4 amene ankalimbana nane pa zopusitsa anthu, ndipo mtima unandipweteka ndi nsanje. Ntchito inali yaukhondo. Ine chidindo chotere sindikanachitha. Ndiye ndivomere pamaso pa achemwali kuti kuli wina wondiposa?

Ndinapinda manja pachifuwa n'kumwetulira.

"Ndine," ndinatero. "Mwaiona bwanji? Ndikukula, eti?"

Anandigenda ndi tomato woola, ndinazinda, anakaphulikira pa chikwangwani. Tinaseka tonse awiri, iwo akupukusa mutu. Ndisanachoke ndinadzitumizira uthengawo pa foni yanga kuti ndikauphunzire bwino mmene anaupangira.

Lachinayi titaweruka, aphunzitsi a Bayoloje akuthamangira minibasi, anandiitana.

"Iwe wa mtima wa pabondo! Achemwali ako alemba kale?"

"Alemba chiyani, aphunzitsi?"

"Mayeso a koleji aja. Mauthenga anatuluka Lachiwiri. Mwana wa aneba anga walemba dzulo. Iwo sanalandire?"

Apa ndikanangonena kuti aphunzitsi, ndalakwitsa, tiyeni kunyumba mukawauze nokha. Mawu ake ndi ochepa. Koma pakamwa panga panazolowera njira ina.

"Alandira," ndinatero. "Alemba mawa."

"Uwauze asachedwe," anatero, kondakitala n'kutseka chitseko.

Ndinathamanga osaima. Ndinawapeza achemwali akulongedza ndowa, amayi akumanga matumba, dzuwa lili pamwamba pa phiri la ku Mozambiki.

"Achemwali, uthenga uja ndi weniweni. Sindinalembe ine."

"Eya."

"Ndikunenetsa. Aphunzitsi andiuza pompano."

"Aphunzitsi ake ati? A chithunzi aja?"

"Aimbireni nokha mumve!"

Anaika ndowa pansi. "Ndiwaimbire? Ndichitenso manyazi kachiwiri? Tsiku lija anachita kusowa chonena bambo aja, ine ndikuthokoza ngati wopenga. Ukufuna azinditenga ngati ndani?"

"Ndiye tigule bandulo yaikulu, mudine muone."

Amayi anayankha asanatembenuke n'komwe. "Ya mchere ndi sopo ithere masewera ako? Tambala uja sanakukwane?"

Ndinalumbira. Ndinatchula Mulungu, ndinatchula manda a abambo, amayi n'kundimenya kukamwa ndi chikhatho. Choipa n'chakuti nkhope yangayi ili ndi vuto: ndikapanikizika imaoneka ngati ikuseka. Achemwali anandiyang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Mphuno yako ikugwedera," anatero.

Inkagwederadi. Koma tsiku limenelo inkagwedera chifukwa ndinkafuna kulira.

Lachisanu kunkabwera lole yogula kachewere, ndiye amayi ndi achemwali analawirira kumunda wathu wakumtunda, ulendo wa pafupifupi ola kukwera phiri. Ine ndinavala yunifomu ngati wopita kusukulu, n'kukhotera ku shopu. Ndinaima pamene simenti imathera, zala za kumapazi zili pa dothi.

"Ankolo, mwadzuka bwanji?"

Anali atavala kale mkanjo wawo woyera wa Lachisanu ndi kachisoti koluka. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Tadzuka. Lero ndikugawa chiyani? Mafuta ophikira?"

"Ayi ankolo. Ndikupempha mundidinire linki imodzi pa foni yanu. Inu mumakhala ndi bandulo yaikulu yoodera katundu."

"Kuti foni yanga iyambe kulira ngati mbuzi pamaso pa makasitomala?"

"Si zanga. Ndi za achemwali."

"Dikira."

Ndinadikira. Anayeza shuga, anapereka machesi, anakambirana ndi agogo ena za mtengo wa parafini ngati dziko silikupita kulikonse. Ndikuganiza kuti ankafuna aone ngati nditope n'kuchoka, poti wopusitsa anthu sapirira dzuwa. Sindinasunthe. Itadutsa 10 koloko, shopu itapepuka, anatambasula dzanja. Ndinawapatsira foni yanga ndili kunja kwa simenti. Anakopera linkiyo pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi, n'kudina.

Kabwalo kanazungulira kamodzi. Kenaka tsamba linatseguka.

Aka kanali koyamba m'moyo wanga kuona linki ikutseguka. Kuseri kwa timawu tabuluu tija kunalidi malo. Chizindikiro cha koleji, malo olembapo nambala ya fomu, ndipo pakona kawotchi kofiira kakuwerenga chobwerera m'mbuyo. Ankolo anavula magalasi, anandiyang'ana, n'kuwavalanso.

"Ali kuti?"

"Kumunda wakumtunda."

"Thamanga." Ndisanatembenuke anavula kachisoti kawo n'kundiponyera. "Uwaonetse aka, adziwe kuti ndakutuma ndine."

Phiri limenelo ndinalikwera ngati galu wothamangitsidwa. Ndinagwa kawiri, shati ya sukulu inang'ambika pa chigongono. Ndinawapeza atawerama m'mizere, kachewere ali mbwee pa dothi lofiira. Ndinangokweza kachisoti m'mwamba.

"Mayo ine!" anafuula amayi. "Waba chisoti cha ankolo! Pa Lachisanu!"

"Andipatsa okha. Linki yatseguka. Achemwali, chonde, kawotchi kakuyenda."

Achemwali sanaweramuke n'komwe. "Lole ikubwera 2 koloko. Ngati wajomba kusukulu, gwira thumba."

Ndinagwada m'dothimo. Sindinagwadirepo munthu chibadwire, ngakhale ahedi. Ndinawagwira achemwali mwendo, iwo n'kundikankha ndi bondo mopanda ukali, ngati mmene umakankhira mwana wa mbuzi wofuna kulowa m'khitchini. Sindikudziwa kuti tinataya mphindi zingati pamenepo. Zinali zambiri.

Kenaka tinamva njinga yamoto ikulira movutika m'kanjira ka ng'ombe. Anali wakabaza, kumbuyo kwake ankolo, mutu uli pamtunda, mkanjo woyera uja utafiira mpaka m'mawondo. Anatseka shopu tsiku la malonda.

"Ndinadziwa kuti simumukhulupirira," anatero akutsika. "Ngakhale ine sindikanamukhulupirira. Mayi, mwanayu lero wanena zoona. Mwana wanga, kwera."

Achemwali anaweramuka pang'onopang'ono. Anayang'ana ankolo, anayang'ana ine, khasu linagwa lokha m'manja. Ankolo anayesa kutsegula tsambalo pomwepo, koma kumtunda kuja foni imagwira netiweki ya ku Mozambiki, yathu siifika. Panalibe kuchitira mwina koma kutsikira kumsewu. Anawapatsa foni, achemwali anakwera, njinga inatembenuka. Ine ndi ankolo tinatsika wapansi, ine patsogolo, iwo akupuma mwaphuma m'mbuyo.

Ndinawapeza achemwali atakhala pa khonde la shopu, pansi penipeni pa simenti, miyendo atatambasula, foni ili m'manja onse awiri. Dothi la m'zala linkadetsa galasi, iwo n'kumapukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kumadina, milomo ikuyenda. Ndinasuzumira ndili kumalire anga. Funso lachisanu ndi chinayi mwa mafunso makumi asanu. Kawotchi kankati kwatsala mphindi zisanu ndi imodzi.

Sindinaonepo munthu akuwerenga mofulumira chonchija. Sankakayika. Funso likabwera, diso limodzi, kudina, lina. Amadziwa. Zonse zija za pansi pa benchi zinali m'mutu, zikungodikira kuti wina afunse. Mayi wina anabwera kudzagula sopo, anaona nkhope zathu, n'kuima pambali. Thiraki inadutsa, khonde linanjenjemera.

Anali pa funso la khumi ndi chisanu ndi chiwiri pamene tsamba linayera, n'kubwera mzere umodzi wonena kuti nthawi yatha.

Anakhala akuyang'ana mzerewo. Kenaka anapukuta galasi lonse bwinobwino, m'makona momwe, anaimirira, n'kupereka foni kwa ankolo ndi manja awiri, atapinda mawondo.

"Zikomo ankolo. Pepani mkanjo wanu."

Ankolo analandira foniyo. Ine ndinadikira. Ndinkafuna tsache, tomato woola, khofi, chilichonse. Ndinachita kusendeza tsaya. Anandidutsa ngati akudutsa mtengo, n'kuyamba kukweranso phiri, poti lole inali ikubwerabe 2 koloko.

Lolemba ndinawauza aphunzitsi a Bayoloje zonse, kuyambira pa "Ndine." Sananditchule chitsiru. Analembera koleji, anaimba kangapo. Yankho linabwera laulemu: malo adzaza, adzayesenso chaka chamawa.

Mlanduwu ndauzenga m'mutu mwanga kambirimbiri, ndipo ndimadziwa kudziteteza. Ndimati: Lachiwiri lija achemwali anadina katatu. Katatu! Akanakhala mwana wa pa boma wa bandulo yaikulu, kudina koyamba komweko tsamba likanatseguka, akanaona dzina lawo, ndipo bodza langa likanafa lisanatuluke m'kamwa. Bodza langa linakhala moyo masiku atatu chifukwa wina, kwinakwake, mu ofesi imene sindidzaiona, anakonza kuti uthenga wa ndowe uziyenda motchipa koma khomo la koleji likhale lodula. Foni yomweyo, mlongoti womwewo wa paphiri, mphepo yomweyo. Ndani anamupatsa mphamvu yosankhira mlongo wanga zotsegula ndi zosatsegula? Ndikafika apa ndimamva bwino, ndimaona kuti ndawina, ndipo ndikukhulupirira mpaka lero kuti mfundoyi ndi yoona.

Kungoti ndikamaliza kuwina, mawu aja amabwerabe, m'mawu anga omwe, ndi kumwetulira kwake komwe. Ndine. Mwaiona bwanji?

Achemwali sanandikalipire, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Ankandipatsa chakudya, ankandichapira yunifomu, shati yong'ambika ija anaisoka. Koma khutu sanandikokenso. Ndinayesa kuwaputa. Ndinaika chiwala m'ndowa yawo, anangochichotsa n'kuchiponya kutchire. Ndinawauza bodza loonekeratu, kuti ahedi akwatira mkazi wachitatu, ndikugwedeza mphuno mwadala. Anangoti, "Oo." Katoni ya mabuku inachoka pansi pa benchi n'kupita pansi pa bedi langa. Galimoto ikapita ankangokhala, manja pamiyendo, akuyang'ana msewu.

Mvula itayamba, msuweni wa amayi anabwera kudzafuna munthu wolera ana ku Lilongwe. Achemwali anavomera asanamalize kufunsa. Amayi anati nanga munda, iwo anati, "Alipo mwamuna pakhomo pano." Tsiku lonyamuka ndinawanyamulira chikwama mpaka kumsewu. Ndinali nditakonza mawu usiku wonse wathawo, mawu aja amene sindinawanenepo kwa ahedi kapena kwa wina aliyense. Minibasi inabwera msanga. Ndinangoti, "Achemwali..." Iwo anati, "Uziwerenga," n'kukwera.

Musaganize kuti ndinasanduka woyera. Temu yathayi nsapato za woyang'anira ophunzira zinapezeka pamwamba pa mlongoti wa mbendera, ndipo amene anazikweza mukumudziwa. Za mphemvu sindipepesa, za ndowe sindipepesa, za zitenje zofiira ndiye ndimanyadira. Chimene ndinasiya n'chimodzi: sindiikanso linki pansi pa bodza. Dzanja limakana.

Mwezi wathawu ankolo anandiitana ndikudutsa. Anandikodola kuti ndikwere pakhonde, ndinayang'ana kumbuyo kuganiza kuti akuitana wina. Anandionetsa foni: koleji ija yalengezanso. Ndinatumiza linkiyo kwa achemwali nthawi yomweyo. Uthenga unafika, anauona, sanayankhe. Ndiye ndinakumbukira kuti ngakhale ku Lilongwe, wolera ana amagula bandulo yomwe ija. Kwa iwo tinali timawu tabuluu chabe, tochokera kwa ine.

Ndinang'amba mapepala apakati pa kope la Bayoloje. Ndinakhala pa thumba la mchere m'shopumo n'kukopera chilengezo chonse ndi bolopeni, mutu mpaka pansi, masiku, zofunika, zonse, masamba atatu. Ankolo anagwira mapepalawo pachifuwa pawo, nkhope ili duu ngati ya pa chitupa, ine n'kujambula. Pansi pa chithunzi sindinalembe kalikonse, poti mawu anga akanangoononga.

Panadutsa masiku awiri. Tsiku lachitatu ndili kudimba, foni inanjenjemera m'thumba. Ndinapukuta manja pa kabudula.

"Zilembo zako zikadali zonyansa," unatero uthengawo. "Mzere wachinayi pa tsamba lachiwiri sukuwerengeka. Lembanso."

Sanati alembetsa. Sanati andikhululukira. Ndinasiya khasu m'madzi momwemo n'kuthamangira ku shopu, ndipo mzere umenewo ndinaulemba kasanu, mpaka ankolo anati wachitatuwo unali bwino kale.